Diso la m'mwamba ndi kachitsulo ka m'nthaka: mmene amayezera madzi ndi kutentha ku Tibet

Amene anakwerapo phiri la Mulanje n'kukafika pa Sapitwa amakumbukira mmene mpweya umaperewera m'chifuwa, ndi mmene mphepo imalasira m'makutu. Pamenepo ndi mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno palibe pena pokwera kuposa apo. Tsono kumpoto kwa mapiri a Himalaya kuli dera lomwe ngakhale zigwa zake zambiri zili pamwamba kuposa Sapitwa. Ndi chitunda cha Tibet, chachikulu kuwirikiza dziko la Malawi ka 20 ndi kupitirira, ndipo malo ake ambiri ali pa mamita oposa 4,000. Kumeneko anthu amamanga nyumba, amaweta nkhosa ndi ng'ombe zaubweya zotchedwa yak, ndipo kuyambira mu 2006 sitima ya pamtunda imadutsako mpaka mumzinda wa Lhasa. Madzi amawira asanatenthe bwinobwino, pa madigiri pafupifupi 85, chifukwa mpweya ndi wopepuka.

Mitsinje ikuluikulu ya ku Asia imabadwira pachitundachi ndi m'mapiri ochizungulira: Yangtze, Yellow River, Mekong, Salween, Brahmaputra ndi Indus. Anthu oposa biliyoni imodzi ndi theka amakhala m'zigwa za mitsinje yochokera kuderali. Kulinso ayezi wochuluka kuposa kwina kulikonse kupatula kumapeto awiri a dziko, ku Antarctica ndi ku Arctic. Ndiye funso loti madzi akulowa angati, akutuluka angati, akutsala angati, ndi funso la mpunga, tirigu ndi magetsi a anthu ambirimbiri. Chovuta n'chakuti malo omwe yankho lili ndi amodzi mwa ovuta kwambiri kuyeza padziko lonse.

Madzi ndi kutentha ndi kaundula mmodzi

Tiyambire pafupi. Mtsuko wa dothi umaziziritsa madzi chifukwa umachita thukuta. Timadzi tomwe timatulukira m'mbali mwake tikamauma, timatenga kutentha kwa mtsukowo n'kupita nako mumpweya. Chimodzimodzinso mu Okutobala masana: pondani pathanthwe opanda nsapato, simuchedwapo, pondani padambo pomwe pali chinyontho, phazi limapuma. Dzuwa ndi lomwelo, koma padambo mphamvu yake yambiri ikuthera pa kusandutsa madzi kukhala nthunzi, pomwe pathanthwe ilibe kolowera, ikungotenthetsa mwala ndi mpweya woukhudza.

Nkhani yonse ya asayansi a ku Tibet yagona pamenepa. Dzuwa likawomba pansi, gawo lina la kuwala limabwerera kumwamba, ndipo chipale chofewa chomwe changogwa kumene chimabweza kuwala kochuluka zedi, nthawi zina magawo 8 mwa 10, pomwe nthaka yakuda imameza pafupifupi konse. Mphamvu yotsalayo imagawika: ina imatenthetsa mpweya, ina imaumitsa madzi, ina imalowa m'nthaka kapena kusungunula ayezi. Kuumitsa lita imodzi ya madzi kumadya mphamvu yowirikiza pafupifupi ka 7 kuposa kusungunula kilogalamu imodzi ya ayezi. Choncho amene akufuna kudziwa madzi omwe akuthawira mumpweya ayenera kuwerengera mphamvu ya dzuwa, ndipo amene akufuna kudziwa mmene chitunda chikutenthetsera mpweya ayenera kudziwa chinyontho cha m'nthaka. Simungawerengere chimodzi n'kusiya chinzake.

Ku Tibet kugawika kumeneku kumasintha ndi nyengo moonekeratu. Mu Epulo ndi Meyi nthaka imakhala youma, mpweya uli wopyapyala, dzuwa likuswa mtengo. Masana pamwamba pa nthaka pamatha kutentha kuposa mpweya wa pamutu pa munthu ndi madigiri oposa 20, ndipo chitunda chonse chimakhala ngati chiwaya chomwe chaikidwa pakatikati pa thambo. Mpweya wotenthawo umakwera, wina wochokera m'mbali n'kukokedwa kudzalowa m'malo mwake. Mvula ya dzinja la ku Asia, yotchedwa monsoon, ikafika cha mu Juni, udzu umaphuka, nthaka imanyowa, mphamvu yambiri n'kuyamba kuthera pa nthunzi. Nthunziyo ikakasanduka mitambo imatulutsira kutentha kwake m'mwamba kwambiri.

Kuti zimenezi zimakhudza mvula ya ku Asia anthu anayamba kuziganizira kale. Mu 1884 Henry Blanford, mkulu wa zanyengo ku India nthawi ya ulamuliro wa Britain, analemba kuti chipale chikachuluka m'mapiri a Himalaya mvula ya monsoon imakonda kuchepa. Mu 1957 Ye Duzheng wa ku China ndi anzake, komanso Hermann Flohn wa ku Germany, anasonyeza kuti m'chilimwe cha kumeneko chitundachi ndi gwero lalikulu la kutentha m'mlengalenga. Koma nkhaniyi sinathe. Mu 2010 William Boos ndi Zhiming Kuang anayesa pakompyuta kuchotsa chitunda chonse n'kusiya mapiri a Himalaya okha, ndipo monsoon ya ku India sinasinthe kwenikweni. Iwo anati chofunika kwambiri ndi mpanda wa mapiriwo, womwe umatchinga mpweya wouma wa kumpoto. Akatswiri ena, monga Wu Guoxiong, akutsindikabe za kutentha kwa m'matsitso a mapiri. Mkangano wotere suthera pakamwa. Umafuna miyezo.

Zoyezera za pansi

Apa ndi pomwe pali njakata. Masiteshoni a zanyengo a ku Tibet ambiri anamangidwa komwe kuli anthu ndi misewu, kutanthauza kum'mawa ndi m'zigwa. Kumadzulo ndi kumpoto chakumadzulo, kuchipululu chozizira cha Changtang, mutha kuyenda makilomita mazanamazana osapeza choyezera mvula. Pamwamba pa mamita 5,000, pomwe pali ayezi wambiri, masiteshoni okhazikika ndi owerengeka. Zili ngati kufuna kudziwa mvula yogwa pa Mulanje poyeza pa boma pokha.

Ngakhale pomwe choyezera chilipo, sichinena zoona zonse. Chitini choyezera mvula chimagwira bwino madontho olemera, koma chipale ndi chopepuka, ndipo mphepo ikamaomba chimangouluka pakamwa pa chitinicho osalowamo. Pamalo a mphepo yamphamvu, theka la chipale kapena kuposa pamenepo limatha kuphonya. Kumtunda kwa mtsinje wa Indus, Walter Immerzeel ndi anzake anaona mu 2015 kuti mvula ndi chipale zolembedwa m'mabuku zinali zochepa kwambiri moti sizikanatha kudyetsa ayezi yemwe ali m'mapirimo. Ayeziyo ndiye anakhala mboni yoti miyezo ikuperewera.

Kuyeza kutentha ndi nthunzi zomwe zikukwera kuchoka pansi ndi ntchito ina yosiririka. Pamtunda wa udzu amaimika nsanja yachitsulo, pamwamba pake n'kuikapo kachipangizo kooneka ngati zala zoyang'anizana. Zalazo zimatumizirana kaphokoso komwe khutu la munthu silimva, ndipo poona nthawi yomwe kaphokosoko katenga, makina amadziwa liwiro la mphepo, kuphatikizapo kukwera ndi kutsika kwake, ka 10 kapena ka 20 pa sekondi iliyonse. Pambali pake pali china choyeza nthunzi mumpweya mofulumira chomwecho. Ngati timafunde ta mpweya tokwera tili tonyowa kuposa totsika, ndiye kuti nthaka ikutaya madzi, ndipo kuchuluka kwake kumawerengeka. Njirayi amaitcha eddy covariance. Ili ndi chilema chodziwika padziko lonse: mukaphatikiza kutentha kopita mumpweya, kopita mu nthunzi ndi kolowa m'nthaka, kawirikawiri chiwerengero chimaperewera ndi magawo 10 mpaka 30 pa 100 poyerekeza ndi mphamvu yomwe dzuwa labweretsa. Ndimawalemekeza akatswiriwa chifukwa kuperewera kumeneku sakubisa. Amakulemba poyera m'malipoti awo.

Ntchito yoika zida zotere ku Tibet yatenga mibadwo. Kafukufuku wamkulu woyamba wa zanyengo pachitundachi anachitika mu 1979. Mu 1998 akatswiri a ku China, Japan ndi maiko ena anachita wina wotchedwa GAME-Tibet m'dera la Naqu. Mu 2003 bungwe la sayansi la Chinese Academy of Sciences linakhazikitsa Institute of Tibetan Plateau Research, yomwe inamanga masiteshoni okhalitsa, ina m'mbali mwa nyanja ya Nam Co, ina m'munsi mwa phiri la Everest, lomwe eni ake amalitcha Qomolangma. Mu Meyi 2022 gulu la ku China linakwera phirilo n'kukamangirira siteshoni yodziyendetsa yokha pa mamita 8,830. Koma nsanja iliyonse imangomva za malo ozungulira pomwe yaima, mamita mazana ochepa chabe. Chitunda cha makilomita 2.5 miliyoni m'bwalo lake sichingadzazidwe ndi nsanja.

Chimene satelayiti imaona

Satelayiti imaona paliponse, ndipo imabwerabwera mosatopa. Koma tisanamizane: satelayiti siyeza madzi. Imayeza kuwala, kutentha kotuluka pansi, nthawi yomwe kuwala kwatenga kupita ndi kubwerera, kapena mphamvu yokoka ya dziko. Kuchoka pamenepo kufika ponena kuti m'nthaka muli chinyontho chakuti, pamadutsa masamu, ndipo masamuwo ali ndi zongoganizira zake.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha chinyontho cha m'nthaka. Nthaka iliyonse imatulutsa timafunde tofooka kwambiri ta mtundu wa wailesi. Nthaka yonyowa imatulutsa tochepa, youma imatulutsa tambiri, chifukwa madzi amasintha kwambiri mmene nthaka imachitira ndi mafundewo. Pa mulingo womwe asayansi amagwiritsa ntchito, madzi ali pa 80, pomwe dothi louma lili pakati pa 3 ndi 5. Kusiyana kwakukulu chonchi ndiye kumatheketsa ntchitoyo. Mu Novembala 2009 bungwe la ku Ulaya la ESA linatumiza satelayiti ya SMOS, ndipo mu Januwale 2015 NASA ya ku America inatumiza SMAP. Zonse ziwiri zimamvetsera mafunde otalika masentimita 21, omwe amadutsa m'mitambo ndi mu udzu bwinobwino, n'kuuza za masentimita 5 oyambirira a nthaka.

Tsono ku Tibet madzi akaundana, mulingo uja umatsika kuchoka pa 80 kufika pa 3. Kwa satelayiti, nthaka youndana imaoneka ngati yowuma gwa, chonsecho madzi ali momwemo, angolimba ngati mwala. Ndipo kumeneko pali miyezi yomwe pamwamba pa nthaka pamaundana usiku n'kusungunuka masana, tsiku ndi tsiku. Satelayiti yodutsa 6 koloko m'mawa ndi yodutsa 6 koloko madzulo zitha kunena zinthu ziwiri zosiyana za dambo limodzi. Kuwonjezera apo, m'madera ambiri a ku Asia SMOS inkasokonezedwa ndi mafunde ochokera ku zipangizo za anthu, omwe ankalowerera m'njira yomwe malamulo a dziko lonse anaisungira sayansi.

Vuto lina ndi la kukula kwa diso. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha SMAP ndi dera la makilomita pafupifupi 36 mbali zonse. M'kadontho kameneko muli madambo, zitunda, miyala, mitsinje, mwina ndi nyanja. Kachitsulo kokwiriridwa m'nthaka kamangomva dothi lokwana m'manja awiri. Nambala ziwirizi zikasiyana, wolakwa ndani? Mwina palibe. Zikungoyankha mafunso osiyana.

Njira yomwe anaipeza ndi yotopetsa koma yoona: kukwirira zoyezera zambiri m'kadontho kamodzi. Pakati pa 2010 ndi 2012, gulu lotsogoleredwa ndi Yang Kun linaika masiteshoni 56 m'dera la makilomita pafupifupi 100 mbali zonse kufupi ndi Naqu, pa mamita oposa 4,400. Pa siteshoni iliyonse anakumba dzenje n'kulowetsa tizitsulo m'khoma lake pa misinkhu inayi, kuyambira pamwamba penipeni mpaka masentimita 40, kuti tiziyeza chinyontho ndi kutentha mphindi 30 zilizonse. Anatenganso dothi la pamalopo kukaliyeza, chifukwa udzu wa kumeneko umaluka mizu yothithikana ngati mphasa, ndipo dothi lodzaza mizu ndi manyowa limasunga madzi ambiri ndiponso limasokoneza kawerengedwe ka kachitsulo. Gulu lina, lotsogoleredwa ndi Zhongbo Su wa pa University of Twente ku Netherlands pamodzi ndi anzake a ku China, linachita zofanana m'madera atatu osiyana nyengo: ku Maqu konyowa, pomwe Yellow River imakhota koyamba, ku Naqu kwapakatikati, ndi ku Ngari kouma kumadzulo. Ntchito imeneyi amaitcha Tibet-Obs.

Ku Maqu anachitanso china. Mu 2016 anaimika pansanja chipangizo chotchedwa ELBARA-III, chomwe chimamvetsera mafunde omwewo a masentimita 21. Tingati anatsitsa khutu la satelayiti n'kulikhazika mamita ochepa pamwamba pa udzu, litaloza pamalo pomwe pansi pake pakwiriridwa zoyezera. Pamenepo munthu amaona ndi maso: usiku nthaka yaundana mpaka apa, mafunde asintha chonchi; mvula yagwa, asintha chonchi; udzu wakula, asintha chonchi. Zophunzira pa kachigawo ka udzu kameneka ndi zomwe zimakakonza masamu owerengera chitunda chonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako ndi kwa zaka: chaka ndi chaka anthu amayenda maulendo ataliatali kukasintha mabatire, kukopera zomwe makina alemba, ndi kukonza zomwe zaonongeka.

Kutentha ndi nthunzi nazo amaziwerengera kuchokera m'mwamba. Zipangizo za MODIS, zomwe zili pa masatelayiti a Terra ndi Aqua kuyambira 1999 ndi 2002, zimayeza kutentha kwa pamwamba pa nthaka, kuwala kobwerera ndi kubiriwira kwa zomera. Mu 2002 Su yemweyo anafalitsa njira yotchedwa SEBS, yomwe imatenga miyezo imeneyi pamodzi ndi ya mphepo n'kuwerengera mphamvu yotenthetsa mpweya. Yotsalayo ndiye ya nthunzi. Zotsatira zake amaziyerekeza ndi nsanja zija. Chopinga ndi mitambo, yomwe imaphimba pansi m'nyengo yomwe nthunzi ili yochuluka. Mvula yokha amaiyeza ndi masatelayiti a GPM, omwe wamkulu mwa iwo anatumizidwa mu 2014 ndi America ndi Japan, koma chipale chopyapyala ndi mvula yowaza ya m'mapiri zimawavutabe.

Sikelo ya m'mlengalenga

Pali masatelayiti ena omwe sajambula n'komwe. Mu Malichi 2002 America ndi Germany anatumiza awiri otchedwa GRACE, otsatana munjira imodzi, wina patsogolo wina pambuyo, motalikirana makilomita pafupifupi 220. Wotsogolayo akayandikira dera lolemera, monga la ayezi wambiri, mphamvu yokoka imamuthamangitsa pang'ono, mpata wa pakati pawo n'kukula. Wotsatirayo akafikapo nayenso amakokedwa, mpata n'kubwerera. Kusinthaku ankakuyeza mpaka pa mulingo wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Mwezi ndi mwezi ankapanga mapu a kulemera kwa dziko, ndipo chomwe chimasintha kulemera mwezi ndi mwezi kwenikweni ndi madzi. GRACE anagwira ntchito mpaka 2017, ndipo mu Meyi 2018 anatumiza ena awiri olowa m'malo.

Sikelo imeneyi imalemera zonse pamodzi: ayezi, chipale, nyanja, chinyontho ndi madzi a pansi pa nthaka. Siisiyanitsa, ndipo diso lake ndi la makilomita pafupifupi 300. Zotsatira zake zinaoneka msanga. Kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti mapiri a ku Asia akutaya ayezi wokwana matani 47 biliyoni pachaka. Wina wa mu 2012, wogwiritsa ntchito masatelayiti omwewo, anapeza matani 4 biliyoni okha. Chimodzi mwa zosokoneza chinali m'munsi mwa mapiriwo, kumpoto kwa India, komwe alimi amapopa madzi a pansi ochuluka zedi pothirira tirigu ndi mpunga. Kupepuka kwa zigwazo kunkalowerera m'chiwerengero cha mapiri. Kumbali inayo, nyanja za pakati pa chitunda zinali kudzaza, n'kumabisa kutayika kwa ayezi.

Panafunika mboni zina. Mu 2017 Fanny Brun ndi anzake anatenga zithunzi zambirimbiri za chipangizo cha pa satelayiti chotchedwa ASTER, zojambula malo amodzi kuchokera mbali ziwiri, n'kuyeza mmene msinkhu wa ayezi unatsikira pakati pa 2000 ndi 2016. Anapeza matani pafupifupi 16 biliyoni pachaka. Kuyambira 2018 kulinso satelayiti ya ICESat-2, yomwe imawombera pansi kuwala kobiriwira ka 10,000 pa sekondi n'kuyeza nthawi yobwerera, motero imadziwa msinkhu wa ayezi ndi wa nyanja. Ndipo pa ayezi pomwepo pali anthu omwe amazika ndodo m'nyengo ina n'kubwera m'nyengo inzake kudzaona kuti ndodoyo yatulukira bwanji.

Kufunika kwa mboni zambiri kunaoneka mowawa pa nkhani ina. Lipoti la 2007 la IPCC, bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, linali ndi chiganizo chonena kuti ayezi wa ku Himalaya atha kutheratu pofika 2035. Chiganizocho chinalibe miyezo kumbuyo kwake, ndipo mu Januwale 2010 bungweli linavomera kuti linalakwitsa. Otsutsa za kusintha kwa nyengo anachigwiritsa ntchito kwa zaka kunyoza ntchito yonse. Chonsecho ayezi akuchepadi, kungoti pa liwiro lina.

Zomwe zapezeka

Chitunda cha Tibet chikutentha mofulumira, pafupifupi kawiri kuposa dziko lonse. Koma madzi ake sakusintha mofanana paliponse, ndipo ichi ndi chomwe masatelayiti atithandiza kuona. Kum'mwera ndi kum'mwera chakum'mawa, ku Himalaya, ayezi akutha msanga. Kumadzulo, ku Karakoram ndi kumadzulo kwa mapiri a Kunlun, kwa zaka zambiri ayezi anali osasintha kwenikweni, pena ankawonjezekera, chinthu chomwe Kenneth Hewitt anachilemba mu 2005. Pakati pa chitunda, pomwe mitsinje siitulukira kunyanja yamchere koma imathera m'nyanja za pomwepo, madzi akhala akuchuluka kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990.

Nyanja ya Siling Co yakwera ndi mamita oposa 10 kuchokera m'ma 1970, mpaka kupitirira Nam Co pa kukula. Zithunzi za masatelayiti a Landsat, zomwe zilipo kuyambira 1972, zimaonetsa gombe likusunthira kumtunda chaka ndi chaka. Kwa oweta, kumeneko ndi kumira kwa msipu wabwino wa m'mbali mwa nyanja, makola ndi nyumba. Munthu angafulumire kunena kuti ndi ayezi wosungunuka amene akudzaza nyanjazi, koma akatswiri ataphatikiza miyezo ya kulemera, ya msinkhu wa nyanja ndi ya ayezi, anapeza kuti gawo lalikulu likuchokera ku kuchuluka kwa mvula, ayezi akungowonjezerapo. Mu Seputembala 2011 nyanja ya Zonag m'dera la Hoh Xil, kumpoto kwa chitundachi, komwe mphoyo za ku Tibet zimakaswera, inasefukira n'kung'amba gombe lake. Madziwo anadutsa m'nyanja zina ziwiri n'kukathera mu ina yamchere, yomwe inakula mpaka kuopseza msewu ndi njanji yopita ku Lhasa.

Pansi pa nthaka palinso nkhani. Pafupifupi magawo 4 mwa 10 a chitundachi ali ndi nthaka yomwe mkati mwake simusungunuka chaka chonse. Njanji ija imadutsa pa nthaka yotere kwa makilomita pafupifupi 550, ndipo m'malo ena m'mbali mwake anazikamo mipope yachitsulo yotulutsa kutentha kuti pansi pasafewe. Kasinthidwe ka nthakayi amakayeza ndi zitsime zakuya zokhala ndi zoyezera kutentha, komanso ndi masatelayiti a radar monga Sentinel-1, omwe amaona nthaka ikutupa m'nyengo yozizira ndi kutitimira m'nyengo yotentha ndi masentimita ochepa chabe.

Tiyeneranso kusamala ndi mawu oti anthu onse a m'zigwa amamwa ayezi wa ku Tibet. Mtsinje wa Indus, womwe umathirira minda ya ku Pakistan, umadaliradi kwambiri ayezi ndi chipale. Koma Ganges, Mekong ndi Yangtze madzi awo ambiri ndi a mvula yogwa m'njira. Kudziwa gawo la chilichonse ndi kumene kumauza boma ngati liope chilala cha zaka zikubwerazi kapena kusefukira.

Manambala amenewa ali ndi ndale zake, poti mitsinje imadutsa malire. China ndi India anagwirizana mu 2002 kuti China izipereka miyezo ya Brahmaputra m'nyengo ya mvula, koma mu 2017, chaka chomwe asilikali a maiko awiriwa anayang'anizana m'dera la kumalire la Doklam, miyezoyo sinaperekedwe. Ku Mekong, kafukufuku wa mu 2020 wodalira masatelayiti ananena kuti madamu a ku China anasunga madzi pomwe maiko a kumunsi anali pa chilala mu 2019. China inakana, akatswiri ena anatsutsa njira yomwe inagwiritsidwa ntchito, ndipo mu 2020 momwemo China inavomera kupereka miyezo ya chaka chonse kuchokera pa masiteshoni awiri. Satelayiti siifunsa chiphaso pamalire, ndipo izi zimapatsa a kumunsi poyambira kufunsa. Koma pomwe eni mtsinje atseka mabuku a miyezo ya pansi, nambala ya m'mwamba imatsutsika mosavuta.

Ifenso masatelayiti omwewa amatidutsa pamutu, ndipo zambiri zomwe amalemba n'zaulere pa intaneti. Nyanja ya Malawi imataya madzi ochuluka kwambiri mu nthunzi kuposa omwe amatuluka mu Shire, ndiye magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira kaundula yemweyu wa dzuwa, mphepo ndi mvula. Ndikaona ndodo yoyezera madzi pamtsinje itapindika kapena itakokoloka osabwezeretsedwa, ndimadandaula, chifukwa ndikudziwa kuti chithunzi chaulere cha m'mwambacho chatsala chopanda wochitsimikizira.

Kumadzulo kwa Tibet, m'boma la Rutog, kuli mapiri a Aru. Pa 17 Julayi 2016 mbali yonse ya kumunsi ya ayezi wa m'chigwa china inathothoka nthawi imodzi, pamalo osatsetsereka kwenikweni pomwe palibe ankayembekezera zotere. Ayezi woposa makyubiki mita 60 miliyoni anathamanga makilomita angapo m'mphindi zochepa mpaka kukafika kunyanja ya Aru Co, n'kupha abusa 9 ndi ziweto mazanamazana. Akatswiri a ku China ndi a ku Ulaya anabwerera ku zithunzi zakale za masatelayiti n'kupeza kuti ayeziyo anali atayamba kale kuthamanga ndi kung'ambika. Ofika pamalopo anapeza kuti pansi pake panali dothi losalala, lofewa, osati thanthwe. Mvula ndi chipale zinali zitachuluka m'derali kwa zaka pafupifupi 20, ayezi n'kulemera kumtunda, ndipo madzi osungunuka pamodzi ndi a mvula ankalowa pansi n'kumanyowetsa dothilo. Poyang'ana zithunzi zatsopano za milungu yotsatira, anaona ming'alu yofanana ikutseguka pa ayezi wa m'chigwa choyandikana nacho. Pa 21 Seputembala chaka chomwecho nayenso anathothoka, wochuluka kuposa woyamba uja. Ulendo uno sipanafe munthu.